Ndani amayang'anira madzi a mumtsinje ndi a pampopi? Mafunso ndi mayankho

Madzi asanafike m'kapu ya munthu amakhala atadutsa m'malo awiri amene malamulo amawaona mosiyana. Poyamba amakhala mumtsinje, m'nyanja kapena pansi pa nthaka, kumene nkhawa imakhala yakuti wina asatayiremo zoipa. Kenako amalowa m'mapaipi kapena kutuluka pa mjigo, ndipo apa funso limakhala lakuti kodi wowamwa sadwala nawo. Ku Malawi, monganso m'mayiko ambiri, mbali ziwirizi zili ndi malamulo ake ndi mabungwe ake, ndipo mavuto ochuluka amabadwira pamalire, pamene ntchito ya bungwe lina yathera koma ya linzake isanayambe.

Kodi madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka mwini wake ndani?

Lamulo la Water Resources Act la chaka cha 2013, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1969, limaika madzi onse a m'dziko m'manja mwa boma kuti liwasungire anthu onse. Munthu akhoza kukhala ndi munda umene mtsinje umadutsamo, koma mtsinjewo si wake. Kutunga madzi akumwa, ophikira, ochapira ndi omwetsa ziweto za pakhomo sikufuna chilolezo. Chilolezo chimafunika kwa amene akupatutsa kapena kupopa madzi ambiri, monga esiteti ya nzimbe, fakitale, sikimu ya mthirira, ngakhalenso mabungwe ogawa madzi m'matauni. Lamulo lomweli ndi limene limaletsa kuthira zoipa m'madzi popanda chilolezo.

Ndi mabungwe ati amene ali ndi udindo, ndipo amagawana bwanji ntchito?

National Water Resources Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 lija, ndiyo imapereka zilolezo zotungira madzi ndi zotayira madzi oipa m'mitsinje, komanso imalembetsa makampani okumba mijigo. Malawi Environment Protection Authority, kapena kuti MEPA, inabwera ndi lamulo la za chilengedwe la 2017. Iyi imaunika chitukuko chachikulu chisanayambe, kaya ndi mgodi, damu kapena fakitale, kuti ione mmene chidzakhudzire chilengedwe, ndipo ili ndi mphamvu yolamula wowononga kuti asiye, akonze kapena atseke. Malawi Bureau of Standards, bungwe la 1972, ndilo limalemba miyezo, ndiye kuti manambala amene madzi ayenera kukwaniritsa.

Ntchito yoyeretsa ndi kugawa madzi m'matauni ili m'manja mwa mabungwe asanu amene akugwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995: Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndi ena atatu a m'zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera. Makhonsolo amayang'anira zinyalala ndi zimbudzi, ndipo kwa zaka zambiri mapaipi a suweji m'mizinda akhala m'manja mwawo. Unduna wa Zaumoyo umatumiza alangizi ake m'midzi ndi m'makwalala, mothandizidwa ndi lamulo la zaumoyo lomwe linalembedwa kale mu 1948. Unduna woona za madzi nawo uli ndi labotale yake yaikulu ku Lilongwe.

Mndandandawu ndi wautali, ndipo kutalika kwakeko ndi mbali ya vuto. Paipi ya suweji ikaphulika n'kuyamba kuthira mumtsinje umene anthu a kumunsi amatungamo, nkhaniyo imakhudza khonsolo, MEPA, bungwe la zilolezo ndi a zaumoyo nthawi imodzi. Onse ali ndi chonena, choncho n'kosavuta kuti aliyense adikire mnzake.

Fakitale ikafuna kutaya madzi oipa, imayenera kuchita chiyani?

Ili ndi njira ziwiri. Ikhoza kuwalowetsa m'mapaipi a suweji a mzinda, itayamba yachotsamo zimene zingawononge malo oyeretsera, kapena kuwayeretsa yokha n'kuwathira mumtsinje ndi chilolezo. Chilolezocho chimanena malo otayira, kuchuluka kwa madzi ndi mlingo wa zoipa umene sayenera kupyola. Miyezo yake ili m'mabuku a Malawi Bureau of Standards: MS 539 ndi ya madzi ochokera m'mafakitale, pamene MS 691 ndi ya madzi a suweji ochokera m'nyumba.

Oyendera amayeza ukali wa asidi, kutentha, mafuta, zitsulo zosungunuka monga mtovu, ndi kuchuluka kwa zinthu zowola. Zinthu zowolazi n'zofunika kuzifotokoza, chifukwa anthu ambiri amadabwa kuti madzi otsukira mbale kapena otsala pofulula mowa angaphe bwanji nsomba pamene mulibe poizoni. Zinthu zowola zikalowa mumtsinje, mabakiteriya amazidya, ndipo podyapo amamaliza mpweya wa okosijeni umene uli m'madzi. Nsomba zimabanika, madzi amada, fungo la dzira lovunda limayamba. Ku labotale amatenga madziwo m'botolo lotseka, kulisunga pa madigiri 20 kwa masiku 5, kenako n'kuona kuti mpweya watsika motani. Muyezo umenewu umatchedwa BOD. Ukakwera, ndiye kuti mtsinje wasenzetsedwa katundu amene sungathe kumugaya.

Mfundo imene malamulowa atsamirapo ndi yakuti wowononga ndiye alipire. Mtengo woyeretsa uyenera kugwera fakitale, osati mayi wa kumunsi amene akuthirira mpiru wake ndi madzi omwewo.

Ngati malamulo alipo chonchi, n'chifukwa chiyani mitsinje ngati Mudi imanunkhabe?

Mudi imadutsa pakati pa Blantyre, kuphatikizapo dera la mafakitale la Makata, ndipo ndi chitsanzo chimene aliyense wodutsa pa mlatho m'miyezi yotentha amachidziwa ndi mphuno. Ku Lilongwe mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe nayo imalandira zake. Zifukwa zake ndi zingapo, koma chachikulu ndi chakuti chilolezo ndi pepala chabe ngati palibe wobwera kudzayeza. Kuyeza kumafuna galimoto, mafuta, mankhwala a mu labotale ndi anthu ophunzira, ndipo wotaya zoipa amene akudziwa kuti oyendera amabwera masana amatsegula paipi yake usiku kapena mvula ikamagwa.

Chifukwa china n'chovuta kuchikamba. Zambiri mwa zoipa zimene zimalowa m'mitsinje ya m'mizinda zimachokera m'mapaipi a suweji okalamba ndi m'malo oyeretsera amene anamangidwira anthu ochepa zaka zambiri zapitazo, ena mwa makina ake atafa kapena kubedwa. Eni ake a zimenezi ndi nthambi za boma. Kulipiritsa chindapusa kampani ya munthu n'kotheka. Koma bungwe la boma likamalanga khonsolo imene ikulephera kale kulipira antchito ake, ndalama zimangochoka m'thumba lina la boma kulowa m'thumba lina, paipi ikudonthabe. Chimene chimathetsa vuto lotere ndi ndalama zomangira, monga zimene Banki Yaikulu ya Padziko Lonse inavomereza mu 2017 kuti zikonzere mapaipi a madzi ndi a suweji mu Lilongwe, kuphatikizapo malo oyeretsera a ku Kauma.

Nanga zoipa zimene sizituluka pa paipi, monga za m'minda, zimaletsedwa bwanji?

Izi ndiye zovuta koposa, chifukwa palibe munthu mmodzi womugwira. Mvula ikagwa imakokolola dothi, feteleza, mankhwala a mbewu, ndowe ndi zinyalala kuchokera m'minda masauzande ambiri. Dothilo limakwirira madamu, ndipo feteleza amanenepetsa zomera za m'madzi monga namasupuni, amene wakhala akuvutitsa mumtsinje wa Shire mpaka kutseka makina opangira magetsi ku Nkula. Chilolezo sichingagwire ntchito apa. Zimene zimathandiza ndi kuteteza nkhalango za kumene mitsinje imayambira, kuletsa kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi malamulo a m'midzi amene mafumu ndi makomiti a zachilengedwe amakhazikitsa.

Nkhalango ya Dzalanyama ikuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu omwe mzinda wa Lilongwe umadalira, umayambira kumeneko. Owotcha makala atachuluka, boma linafika potumiza asilikali kuti akalondere mitengo. Mtengo wogwetsedwa ku Dzalanyama umadzaonekera pa bilu ya madzi ku Area 25, chifukwa madzi amatope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere.

Kodi madzi a pampopi amayeretsedwa motani?

Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire, pamalo otchedwa Walker's Ferry, ndipo amapopedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukwera nawo mapiri. Mzuzu imamwa a mu damu la Lunyangwa, Zomba a mu damu la Mulunguzi. Kulikonseko njira yake ndi yofanana. Poyamba amathiramo mankhwala, kawirikawiri alamu, amene amachititsa tinthu ta matope kugwirana n'kukhala timibulu tolemera. Madziwo amawalowetsa m'mathanki mmene amayenda pang'onopang'ono kuti timibuluto tikhazikike pansi. Akatero amadutsa mumchenga wosefera, ndipo pomaliza amathiramo klorini kuti aphe tizilombo totsala. Matope ayenera kuchoka kaye, chifukwa tizilombo timabisala mkati mwake ndipo klorini satifikira.

Akamati madzi ndi abwino kumwa, amakhala atayeza chiyani?

Muyezo wa madzi akumwa a m'mapaipi ndi MS 214, ndipo umatsatira kwambiri malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Chofunika kwambiri pa zonse ndi bakiteriya wotchedwa E. coli, amene amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Akapezeka m'madzi, ndiye kuti chimbudzi chalowamo, ndipo pamene padutsa iye pakhoza kudutsanso kolera, tayifodi ndi kamwazi. Malangizo a WHO amati asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100 a madzi.

Kuyeza kwake kumayenda chonchi. Woyeza amayamba wapukuta kapena kuwotcha kukamwa kwa mpopi, kutsegula madzi kwa kanthawi, kenako n'kudzaza botolo lophedwa tizilombo. Botololo limayenda m'bokosi lozizira ndipo liyenera kufika ku labotale pasanathe maola ambiri. Kumeneko madzi okwana mamililita 100 amawadutsitsa pa kapepala kosefera ka timabowo tosaoneka ndi maso, n'kukaika m'kambale mmene muli chakudya cha mabakiteriya, pamalo otentha madigiri 44. Pofika mawa lake, bakiteriya aliyense amene anakodwa amakhala ataswana mpaka kupanga kadontho kooneka. Woyeza amangowerenga timadonthoto.

Klorini amamuyeza pomwepo pa mpopi. M'kabotolo ka madzi amaponyamo piritsi lotchedwa DPD, ndipo madziwo amafiira pang'ono. Kufiira kwake amakuyerekeza ndi tchati cha mitundu. Pamafunika kuti pa mpopi wa kumapeto kwenikweni kwa paipi patsale klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita. Anthu ena amadandaula ndi fungo lake, koma kafungo kameneko ndi umboni wakuti madzi adakali ndi chitetezo.

Pali zinanso zimene sizidwalitsa lero koma zimaunjikana m'thupi. WHO imaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita kwa fluoride, 50 kwa nitrate, ndi 0.01 kwa mtovu komanso arsenic. Zambiri mwa izi zilibe fungo kapena mtundu, choncho madzi oyera mbee akhoza kukhala nazo.

Kodi madzi ochoka koyeretsera ali abwino angathe kuipa panjira?

Angathe, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene madzi asiya. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankha kuchokera mkati, kotero ngati pali mng'alu amangotuluka. Ikauma, mng'alu womwewo umayamba kuyamwa zimene zili kunja. Ngati paipiyo yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi suweji yotayikira, madzi akabwerera amayamba ndi kukankhira zonyansazo m'nyumba za anthu.

Zoterezi zinachitika ku Area 18 mu Lilongwe mu Julayi 2017, pamene madzi a suweji analowa m'paipi ya madzi akumwa n'kutuluka m'mipopi ya m'nyumba. Nkhaniyo inakafika ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission komanso kukhoti, ndipo mabungwe atatu ndiwo anafunsidwa: ogawa madzi, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation. Paipi ya madzi inali ndi mwini wake, ya suweji inali ndi wake, koma ngozi inachitikira pamene ziwirizo zinayandikana.

Madzi amaipanso akachoka pa mpopi. M'madera ambiri a m'matauni anthu amagula madzi pa kiyosiki, kuwasenza m'ndowa yosavundikira, n'kumawatunga ndi kapu imene aliyense amaigwira. Apa lamulo la boma silifikapo. Otsala ndi alangizi a zaumoyo ndi mwini nyumba.

Nanga a kumudzi, amene amamwa madzi a pa mjigo, amawayang'anira ndani?

Amalawi ambiri samwa madzi a mabungwe asanu aja. Amadalira mijigo, zitsime ndi mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri, imene imayendetsedwa ndi magulu a ogwiritsa ntchito madzi. Mjigo ukakumbidwa, madzi ake amayenera kuyezedwa anthu asanayambe kumwa, ndipo muyezo wake ndi MS 733. Muyezowu ndi wofewerapo poyerekeza ndi wa m'mapaipi, pozindikira kuti madzi a pa mjigo sathiridwa mankhwala. Mjigo umayeneranso kutalikirana ndi chimbudzi, khola ndi dzala, kawirikawiri mamita osachepera 30, ndipo usakhale kumunsi kwa zimenezi.

Pambuyo pa tsiku lotsegulira, mjigo umatsala m'manja mwa komiti ya pamjigo, imene imatolera ndalama za mwezi ndi mwezi zogulira ziwiya zikatha. Komitiyo ikhoza kukonza pampu, kusesa ndi kumanga mpanda, koma ilibe chida choonera zimene zili m'madzi. Mijigo yambiri imayezedwa kamodzi kokha, ina sinayezedwepo, makamaka imene anakumba anthu kapena mabungwe osadziwitsa ofesi ya madzi ya m'boma. Izi zili ndi zotsatira zake. Ku Nathenje ndi m'madera ena a ku Machinga ndi Balaka miyala ya pansi imatulutsa fluoride wambiri, ndipo ana amakula ndi mano ofiira ngati adzimbiri. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, mijigo ina imatulutsa madzi amchere moti anthu amaisiya n'kubwerera kumtsinje, kumene kuli ng'ona ndi matenda.

Kodi mabungwe ogawa madziwo amawayang'anira ndani?

Bungwe lililonse lili ndi labotale yake ndipo limadziyeza lokha tsiku ndi tsiku. Izi n'zoyenera, chifukwa ndi iwo amene angasinthe mlingo wa mankhwala ola lomwelo. Koma wogulitsa sangakhale yekha mboni ya katundu wake. Malawi Bureau of Standards ndi maunduna amatha kuyeza paokha, komabe kwa zaka zambiri dziko la Malawi lakhala lopanda bungwe loima palokha loyang'anira ntchito ya ogawa madzi, monga mmene MERA imachitira pa magetsi ndi mafuta. Mitengo ya madzi yakhala ikuvomerezedwa ndi boma, lomwenso ndi mwini wa mabungwewo. Zambia inasankha njira ina: lamulo lake la 1997 linakhazikitsa NWASCO, imene imapereka ziphaso kwa makampani a madzi, kuvomereza mitengo ndi kufalitsa chaka ndi chaka lipoti loyerekeza makampaniwo.

Ngakhale kukhala ndi woyang'anira sikukwanira ngati iye sakufuna kumva. Ku United States kuli malamulo awiri amphamvu, Clean Water Act la 1972 loteteza mitsinje ndi Safe Drinking Water Act la 1974 loteteza madzi akumwa. Koma mu Epulo 2014 mzinda wa Flint, m'chigawo cha Michigan, unayamba kutunga madzi mumtsinje wa Flint osathiramo mankhwala oletsa kudyeka kwa mapaipi. Mapaipi akale anayamba kusungunula mtovu. Anthu anadandaula za mtundu ndi fungo la madzi kwa miyezi yambiri, akuluakulu akuwauza kuti zonse zili bwino. Zinatengera ofufuza a kuyunivesite ya Virginia Tech ndi dokotala wa ana, Mona Hanna-Attisha, amene anaonetsa mu 2015 kuti mtovu wakwera m'magazi a ana, kuti boma livomere.

Pakagwa ngozi yaikulu, boma limatani?

Choyamba ndi kutseka potungira ndi kuchenjeza anthu. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zotsalira za mgodi wa kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linagumuka n'kuthira madzi a asidi m'mitsinje yolowa mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mphepete zinapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unasiya kaye kupopa madzi. Boma linafika pothira laimu mumtsinje kuchokera m'ndege pofuna kuchepetsa asidiyo. Nkhaniyi ikukhudza Malawi chifukwa migodi ikuchuluka, ndipo mitsinje ya kufupi ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga imathera m'nyanja ya Malawi. Madamu otere amafunika kuwayendera asanagumuke, popeza asidi akalowa mumtsinje palibe womubweza.

Ngozi ina imadza ndi mvula. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana ndi Gombe, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi n'kulowa m'zitsime. Nthawi zotere alangizi a zaumoyo amasungunula klorini wa ufa n'kumagawa khomo ndi khomo kapena kuthira m'ndowa za anthu pa mjigo pomwepo, makhonsolo amaletsa malonda a zakudya zophikaphika, ndipo zitsime zoipa zimatsekedwa.

Munthu wamba akaona vuto akadandaule kuti?

Zimatengera pamene vuto lili. Madzi a pampopi akasintha mtundu kapena fungo, woyamba kumuuza ndi bungwe logawa madzi la deralo, kenako ofesi ya zaumoyo ya m'boma kapena ya khonsolo, ndipo madziwo asamwedwe mpaka atayezedwa. Suweji yotayikira ndi nkhani ya khonsolo kapena bungwe logawa madzi la deralo. Fakitale kapena mgodi wothira zoipa mumtsinje ukanenedwe ku MEPA kapena ku National Water Resources Authority. Za mjigo zimadzera kwa mlangizi wa zaumoyo ndi ofesi ya madzi ya m'boma. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limapatsanso munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi wopita kukhoti kukauteteza.

Dandaulo limalemera likakhala ndi umboni: tsiku, ola, malo, chithunzi cha pa foni, ndi mayina a anthu angapo amene aona zomwezo. Ndi bwino kulilemba pa pepala n'kusunga kope lodindidwa ndi ofesi imene yalandira. Poyembekezera yankho, madzi okayikitsa awiritsidwe mpaka abwadamuke kapena athiridwe klorini n'kudikira mphindi 30. Njira ziwirizi zimapha tizilombo, koma sizichotsa mtovu, fluoride kapena mchere. Madzi otere akawiritsidwa, zoipazo zimangotsala zochuluka m'madzi ochepa.